Cizungu m'masukulu a mu Zambia: zaka 100 za kusinthasintha

Pafupifupi aliyense amene anapitako ku pulaimale mu Zambia ali na mau a Cizungu amene analoweza akalibe kudziwa tanthauzo lake. Mphunzitsi akangolowa m'kalasi, ana onse amaimilila n'kukuwa pamodzi kuti, "Good morning, teacher." Wofuna kupita ku cimbudzi amadziwa kuti afunika kukamba kuti, "Please teacher, may I leave the room." Mau amenewa amatuluka bwino-bwino, koma mukamufunsa mwanayo kuti "leave" n'ciani, kapena kuti liu lakuti "may" ligwila nchito yanji, nthawi zambili amangoyang'ana pansi. Kwa ambili a ise, umu ni mmene Cizungu cinayambila: mau oloweza pamtima, okambidwa na kamantha.

Vuto limeneli limatilondola mpaka kukula. Ku Kanyama, Matero, Chawama na Mtendere kuli acinyamata ambili amene amakamba zitundu zitatu kapena zinayi, amawelengela cenji pamutu mosaphonya, koma akaitanidwa ku intavyu lilime limauma. Ena amafika podziona ngati mbuli. Koma mbili ionetsa zina. Funso lakuti mwana wa mu Zambia ayambe liti Cizungu, ndipo aciphunzile bwanji, lavutitsa amishonale, atsamunda na maboma athu onse, ndipo yankho lake lasintha kangapo. Mmene imwe munaphunzilila Cizungu zinadalila kwambili caka cimene munalowa Giledi 1.

Amishonale anayamba na zitundu zathu

Sukulu yoyamba m'dziko lino inatsegulidwa mu 1883 ku Lealui, likulu la mfumu ya Alozi, na mmishonale wa ku Scotland dzina lake Frederick Arnot. Siinakhalitse. Mu 1887, François Coillard wa mishoni ya ku Paris anatsegula ina ku Sefula, kumene ana anali kuwelenga mabuku a Cisutu cifukwa cinali cofanana kwambili na cimene Alozi anali kukamba. Pambuyo pake mamishoni anafalikila. A White Fathers analowa kumpoto mu 1891, a Dutch Reformed anamanga Magwero mu 1899 pafupi na Fort Jameson, imene lomba ni Chipata, ndipo a Jesuit anafika ku Chikuni mu 1905.

Cimene amishonale anali kufuna maka-maka n'cakuti anthu aziwelenga Baibo na katekisimu. Conco anaphunzila zitundu za anthu, n'kuyamba kuzilemba, kusindikiza tumabuku toyambila kuwelenga, na kukonzekeletsa aphunzitsi a m'midzi. Kum'mawa, mwana anali kuyamba na a, e, i, o, u wa Cinyanja, nthawi zina polemba na cala pa mcenga. Cizungu cinali ca ocepa amene anapitiliza sukulu pa mishoni peni-peni. Kampani ya British South Africa, imene inalamulila dziko lino mpaka 1924, inalibe nazo nchito kweni-kweni za maphunzilo a anthu akuda. Sukulu imodzi cabe ndiyo inali m'manja mwake, Barotse National School ya mu 1907, ndipo nayonso inali kuyendela ndalama za msonkho wa anthu a komweko.

Pali mfundo imodzi imene ambili saidziwa. Nthawi zambili amene anali kulimbikila kuti m'masukulu mukhale Cizungu anali makolo athu. Mfumu Lewanika inadandaula kuti amishonale sanali kuphunzitsa Cizungu cokwanila. Ca m'ma 1900, mlaliki wina wa ku Lesotho, Willie Mokalapa, anapatukana na mishoni ya ku Paris n'kuyamba chalichi na sukulu yake. Lewanika anamucilikiza cifukwa analonjeza kuphunzitsa Cizungu, ndipo ana ambili anathamangila kumeneko. Mfumuyi inali itavomela pangano la Lochner mu 1890, n'kudandaula pambuyo pake kuti inanamizidwa. N'zosadabwitsa kuti inafuna anthu akeake odziwa kuwelenga zimene mzungu walemba.

Ku Nyasaland, sukulu ya Livingstonia inali kuphunzitsa Cizungu ca pamwamba kuyambila m'ma 1890, ndipo amene anaphunzila kumeneko anatenga nchito zambili za ukalaliki, uphunzitsi na kumasulila kuno ku Northern Rhodesia. Mmodzi wa iwo anali David Kaunda, atate awo a Kenneth Kaunda, amene anatumidwa ku Chinsali. Wodziwa Cizungu anali kukhala pa tebulo na colembela, pamene mnzake anali kusenza katundu pamutu kuti apeze ya msonkho. Anthu anali kuona zimenezi, ndipo sanafunike munthu wowafotokozela. Mabungwe oyamba okambilako anthu akuda, monga la ku Mwenzo la Donald Siwale na anzake, anayambitsidwa na aphunzitsi na makalaliki amene anali kukwanitsa kulembela boma madandaulo m'citundu cake.

Makwelelo atatu a nthawi ya atsamunda

Mu 1924 boma la Britain linatenga ulamulilo m'manja mwa kampani. Caka comweco kunabwela gulu la Phelps-Stokes, lotsogoleledwa na Thomas Jesse Jones wa ku America, kudzayendela masukulu. Gululi linalangiza kuti mwana ayambe na citundu ca makolo ake, apitilize na citundu cacikulu ca m'dela, ndiyeno Cizungu cibwele m'makalasi apamwamba. Mu 1927 bungwe lolangiza boma pa maphunzilo linasankha zitundu zinayi za ku sukulu: Cibemba, Cinyanja, Citonga na Cilozi. Apa m'pamene panayambila mndandanda umene unadzafika pa zitundu 7 atawonjezelapo Cikaonde, Cilunda na Ciluvale.

Pofika m'ma 1950 dongosolo linali litakhazikika. Mwana anali kuphunzila Sub A na Sub B m'citundu ca kwawo, kenako m'citundu cacikulu ca m'dela mpaka ca ku Standadi 5, ndipo kucokela apo zonse zinali m'Cizungu. Cizungu cinali kuyamba monga phunzilo palokha, cisanakhale citundu cophunzilila masamu na mbili. Ndiye cifukwa cake mumapeza agogo amene analekela pa Standadi 6 koma amalemba kalata yomveka bwino m'Cinyanja, n'kulembanso ina m'Cizungu caudongo.

Ngakhale n'telo, makwelelo amenewa anali opanikiza. Ana ambili anali kulekela m'makalasi oyambilila, akalibe kufika kumene kunali Cizungu ceni-ceni. Sekondale ya boma ya anthu akuda inayamba cabe kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 pa Munali mu Lusaka, pamene ana a azungu anali na masukulu awoawo a Cizungu okhala na zonse. Anthu akuda oyamba analowa m'nyumba ya malamulo mu 1948, ndipo zokambilana zonse mmenemo zinali m'Cizungu. Conco ambili anayamba kukayikila kuti kuphunzitsa mwana m'citundu cake ni msampha womusiyila kumbuyo. Lamulo la Bantu Education la mu 1953 ku South Africa, limene linakakamiza zitundu za makolo m'masukulu osauka a anthu akuda, linangowonjezela cikayikilo cimeneco. Pamene tinalandila ufulu mu 1964, dziko lonse linali na anthu akuda pafupifupi 100 cabe amene anatsiliza yunivesiti.

Cizungu ca kunja kwa kalasi

Pamene za sukulu zinali kuyenda conco, m'matauni munali kucitika zina. Migodi ya kopa itatseguka kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ku Luanshya, Nkana, Mufulira na Nchanga, anthu a zitundu zosiyanasiyana anakumana pamalo amodzi. Makapitao aciyela sanali kukamba nawo Cizungu. Anali kugwilitsila nchito Cikabanga, cimene ena amati Cilapalapa, cosakaniza mau a Cizulu, Cizungu na Cibunu, cocokela ku migodi ya kum'mwela. Cinali citundu colamulila: nyamula, bwela, fulumila. Kalaliki wophunzila akakamba Cizungu cabwino n'kuyankhidwa m'Cikabanga, anali kudziwa kuti wauzidwa malo ake. Kwa anthu otelo, kukamba Cizungu inali njila yokanila kunyozedwa.

Lusaka inakhala likulu mu 1935, kulowa m'malo mwa Livingstone. Malowa ni a Asoli na Alenje, koma Cinyanja cinakula cifukwa ca apolisi, asilikali, anchito a boma na anthu ambili ocokela kum'mawa na ku Nyasaland. Mu 1936 boma linayamba nyuzipepa ya Mutende, yolembedwa m'Cizungu na m'zitundu za kuno. Mu 1941 wailesi inayamba kuulutsa mau mu Lusaka, ndipo mu 1949 kunabwela kawailesi kochipa ka batili kochedwa Saucepan Special, kamene kanalowetsa nkhani na nyimbo m'nyumba za anthu wamba.

M'nyengo imeneyi mau ambili a Cizungu analowa m'kakambidwe kathu n'kukhazikika. Komboni inacokela ku "compound", kumayadi ku "yard", kaboyi ku "boy", motoka ku "motor car", sitolo ku "store". Foloko, supuni, shati, sopo na buledi nazonso zinabwela conco. Palibe anakhala pa desiki kuti aloweze mau amenewa. Munthu anali kuona cinthu, kumva dzina lake, kucigwilitsila nchito, basi liu lakhala lake. Ngakhale agogo amene sanaponde m'kalasi amawadziwa. Mau awili okha, komboni na mayadi, amasunga mbili yonse ya mmene tauni inagawidwila pakati pa anchito na mabwana.

Cosankha ca mu 1966

Ufulu utayandikila, gulu la UNESCO lotsogoleledwa na W. C. Radford wa ku Australia linayendela dziko lino mu 1963. Linalangiza kuti Cizungu cikhale citundu cophunzilila kungoyambila tsiku loyamba la sukulu. Boma latsopano linavomela mu 1965, ndipo lamulo la maphunzilo la mu 1966 linakhazikitsa zimenezi. Nduna ya zamaphunzilo panthawiyo anali a John Mwanakatwe.

Zifukwa zake zinali zomveka. Dziko la mitundu yopitilila 70 linali kufuna cinthu coligwilizanitsa, ndipo kusankha Cibemba kapena Cinyanja kukanaoneka ngati kukwezela mtundu umodzi pamwamba pa ina. Tanzania inali na Ciswahili, Malawi inasankha Cicewa mu 1968, koma atsogoleli athu anaona kuti pa "One Zambia, One Nation" Cizungu ndiye cinalibe mwini pakati pathu. Cina, boma linali kutumiza aphunzitsi, apolisi na manesi kulikonse, conco mwana wa wapolisi wosamutsidwa kucoka ku Mongu kupita ku Kasama anafunika kupitiliza sukulu popanda kuyambilanso. Mabuku a sayansi na masamu m'zitundu zathu anali ocepa. Akatswili ambili a nthawiyo anali kukhulupililanso kuti mwana akayamba Cizungu msanga, adzacidziwa bwino kwambili. Ndipo makolo amene anamanidwa Cizungu kwa zaka zambili anali kucifuna na mtima wonse.

Motelo kunabwela Zambia Primary Course, na mabuku a Mulenga na Jelita amene makolo athu amawakumbukila mpaka lelo. Kaphunzitsidwe kake kanali kobweleza: mphunzitsi akamba ciganizo, kalasi yonse ibweleza, kawili, katatu, mpaka cilowe. Buku la mphunzitsi linali kumuuza zokamba pa sitepe iliyonse. Zitundu zathu zinatsala monga phunzilo la maola ocepa, losawelengeledwa kweni-kweni. M'masukulu ambili munabwela lamulo loletsa "vernacular", ndipo monita anali kulemba maina a ogwidwa akukamba citundu ca amayi awo kuti akatipule udzu kapena kupyanga.

Si onse anagwilizana nazo. A Simon Kapwepwe, amene anali waciwili kwa pulezidenti kucokela mu 1967 mpaka 1970, anacenjeza poyela kuti kuphunzitsa ana m'Cizungu kungoyambila pansi kudzawacititsa kudziona otsika na kupeputsa za kwawo. Akatswili a zinenelo pa yunivesiti ya Zambia, monga a Mubanga Kashoki, anapitiliza kukambilako zitundu za kuno. Mu 1976 cikalata coyamba ca kusintha maphunzilo cinapempha kuti Giledi 1 mpaka 4 ibwelele ku zitundu za kuno. Koma cikalata comaliza ca mu 1977, olo kuti cinavomeleza kuti mwana amaphunzila bwino m'citundu cake, cinati zimenezo n'zosatheka m'dziko la zitundu zambili. Cizungu cinakhalabe, kungoti mphunzitsi analoledwa kufotokoza zovuta m'citundu cimene ana amamva.

Zimene ofufuza anapeza

Dongosolo la mu 1966 linakhala zaka 30. M'zaka zimenezo mtengo wa kopa unagwa ca pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama za boma zinacepa, makalasi anadzala, ndipo buku limodzi linayamba kugawidwa pa ana ambili. Mwana wa kumayadi, amene kunyumba kunali mabuku, TV na makolo okamba Cizungu, zinali kumuyendela. Mwana wa mu komboni kapena kumudzi anali kukumana na zinthu ziwili zacilendo panthawi imodzi: kuphunzila kuti zilembo zimaimila mamvekedwe, na kuphunzila citundu cimene sanacimvepo. Ambili anapeza njila yopulumukila, imene ni kuloweza na kubweleza mokweza pamodzi na anzawo.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, Eddie Williams wa pa yunivesiti ya Reading ku Britain anayesa ana a pulaimale mu Zambia na mu Malawi. Kuyelekezela kumeneku kunali kwabwino cifukwa ana ena a maiko awiliwa amakamba citundu cimodzi. Ana a ku Malawi anali kuphunzila m'Cicewa zaka zinayi zoyamba, Cizungu cili phunzilo cabe, pamene a ku Zambia anali kuphunzila zonse m'Cizungu. Tikanayembekezela kuti athu apambane kutali pa Cizungu. Koma pofika caka cacisanu panalibe kusiyana kweni-kweni pa kuwelenga Cizungu, ndipo pa kuwelenga citundu ca kwawo ana a ku Malawi anawasiya kutali athu. Zaka zinayi zowonjezela za Cizungu sizinapindule kanthu kooneka, koma zinatayitsa luso lowelenga Cinyanja.

Kafukufuku wa SACMEQ wa mu 1995 anaonetsa cinthu cofanana. Pa ana a Giledi 6 amene anayesedwa, mmodzi cabe mwa anayi alionse ndiye anafika pa mlingo wotsikitsitsa wa kuwelenga, ndipo amene anafika pa mlingo wofunikila sanakwane atatu pa 100 alionse. Amenewa anali ana amene anakhala zaka zoposa zisanu akumva Cizungu tsiku lililonse la sukulu.

Kupita uku, kubwelela uku

Mu 1996 boma linatulutsa ndondomeko yochedwa Educating Our Future. Inati Cizungu cikhalebe citundu cophunzilila, koma mwana ayambe kuphunzila kuwelenga na kulemba m'citundu cimene amadziwa. Atayesa njilayi m'Cibemba ku Kasama mu 1998, Primary Reading Programme inayamba mu 1999. Giledi 1 inali na New Breakthrough to Literacy, yotengela njila ya bungwe la Molteno la ku South Africa, mmene mwana amapanga ziganizo na mau amene amakamba kale. Giledi 2 inali na Step In To English, ndipo makalasi otsatila anali na Read On. Amene munabadwa ca m'ma 1995 mpaka 2005, ambili munapita m'njila imeneyi. Vuto linali lakuti caka cimodzi cinali cocepa, ndipo masamu na maphunzilo ena anali akali m'Cizungu.

Mu January 2014, a John Phiri ali nduna, boma linapita patsogolo. Giledi 1 mpaka 4 inayamba kuphunzila zonse m'citundu ca m'dela, Cizungu n'kulowa monga phunzilo, kenako n'kutenga malo kuyambila Giledi 5. Madandaulo sanacedwe. Mitundu imene zitundu zawo sizili pa 7 zija inafunsa cifukwa cake ana awo aphunzile m'citundu ca ena. Makolo okwanitsa anathamangitsila ana ku masukulu a pulaiveti, kumene Cizungu cinapitiliza kuyambila ku nasale. Mu Lusaka munabuka vuto linanso, lakuti Cinyanja ca m'buku cili pafupi na Cicewa ca ku Katete na Chadiza kuposa ca pa Soweto Market. Buku likuti madzi, mwana amadziwa manzi. Buku likuti ufa, iye amadziwa unga. Buku likuti tsopano, iye amati manje. Kwa ana ena, citundu cimene cinali kuchedwa cawo cinali cacilendo ndithu.

Ndondomeko ya mu 2023, imene inayamba kugwila nchito mu 2025, yabwezelanso Cizungu kukhala citundu cophunzilila kuyambila pansi, zitundu za kuno n'kukhala zothandizila kufotokoza. Tikayang'ana bwino, tazungulila n'kufika pafupi na pamene tinali mu 1977. M'banja limodzi mungapezeke agogo a Standadi, amayi a Mulenga na Jelita, imwe a Breakthrough, mng'ono wanu wa mu 2014, na mwana wa mlongo wanu wa mu 2025, aliyense na njila yake.

Pa zaka zonsezi cinthu cimodzi sicinasinthe: Cizungu ndiye cili pa geti. Malamulo a dziko amati ndiye citundu ca boma. Kuti mulowe yunivesiti mufunika kuphasa bwino Cizungu pa Giledi 12, ndipo amene anafeluka phunzilo limeneli lokha amadziwa mmene zitseko zimatsekekela. Kuyambila mu 2016, wofuna kuimila pa ukhansala, pa uphungu kapena pa upulezidenti afunika satifiketi ya Giledi 12. Koma pa kalembela wa mu 2010, anthu osakwana awili pa 100 alionse ndiwo anati Cizungu ndiye citundu cimene amakamba kwambili tsiku na tsiku. Citundu cimene cimagawa nchito na maudindo n'cimene anthu oculuka sakamba panyumba.

Zimene wophunzila angatolepo

Coyamba, ngati Cizungu cimakuvutani, musafulumile kudziweluza. Mwina munali m'kalasi ya ana 80, buku limodzi pa desiki, mphunzitsi nayenso akulimbana na ndondomeko imene yangosintha. Munthu amene amasintha kucoka ku Cinyanja kupita ku Cibemba pakati pa ciganizo, n'kuponyamo Citonga pogula tomato, ali na mutu wodziwa kuphunzila zitundu.

Caciwili, kuloweza ziganizo popanda tanthauzo kunayesedwa pa dziko lonse kwa zaka 30, ndipo zotsatila zake taziona. Mavidiyo a pa TikTok na YouTube olonjeza ziganizo 50 zokuthandizani kukamba ngati wa ku London ni njila imodzimodzi ija, yangovala zovala zatsopano. Ciganizo coloweza cimathandiza mpaka pamene winayo wayankha zimene simunayembekezele. Cimene cimagwila nchito n'kumasula ciganizoco. Tengani "I would like to apply for this job." Dziwani kuti "I would like" ni kapemphedwe kaulemu, monga mmene ise timaikila "-ko" pa "nipatseniko". Mukadziwa zimenezo mungapange ziganizo zina zambili mwekha: kupempha kuonana na manijala, kufunsa mtengo, kutsegula akaunti ku banki.

Cacitatu, Cinyanja canu ni cothandizila. Zimene Williams anapeza zionetsa kuti kuwelenga bwino citundu cako sikulepheletsa Cizungu. Luso lotsatila nkhani, kupeza mfundo yaikulu na kulemba mwadongosolo limasamuka kucoka ku citundu cina kupita ku cina. Kuyelekezela zitundu ziwilizi kumaonetsanso pamene timakhumudwila. Timasokoneza "he" na "she" cifukwa ise tili na "iye" mmodzi. Timati "borrow me" cifukwa kubweleka na kubweleketsa n'zocokela ku liu limodzi, pamene Cizungu cili na "borrow" na "lend". Timasinthanitsa "l" na "r" cifukwa kwa ise kusiyana kwake sikusintha tanthauzo. Ukadziwa gwelo la colakwa, kucikonza sikuvuta.

Cacinayi, mau amakhala ako ukawagwilitsila nchito pa cinthu ceni-ceni, monga mmene agogo anatengela foloko na motoka. Ise ticita zomwezo masiku ano tikamati kuchaja foni, kudilita meseji kapena kuposting'a. Wogulitsa pa City Market ayambe na mau a malonda ake, makanika ayambe na a injini, wofuna unesi ayambe na a thupi la munthu. Mau khumi a nchito yanu amene mudzakamba mawa apambana mau 100 a pa mndandanda amene simudzakumana nawo.

Cinanso, Cizungu ca mu Zambia cili na nkhope yake. Timati "I am asking for water" cifukwa m'mutu muli "nipemphako manzi", ndipo timati "footing" tikayenda na mendo. Ku Nigeria, India na Jamaica nakonso anthu anaciumba mwa njila yawo. Cofunika n'kudziwa nthawi yokamba ca pa Kulima Tower na nthawi yolemba ca m'kalata yofunsila nchito, monga mmene timasiyanitsila kakambidwe ka kwa anzathu na ka kwa apongozi.

Akulu anati m'mela ni poyamba. Ana amene analowa Giledi 1 mu 2025 adzafika Giledi 6 mu 2030, ndipo m'pamene tidzaona ngati ulendo uno zayenda mosiyana na kale. Pakali pano ana amenewa ali m'nyumba zathu, ndipo madzulo amabwela na mau atsopano amene aimba tsiku lonse. Mukamumva mng'ono wanu akubweleza ciganizo ca Cizungu, mufunseni kuti citanthauza ciani m'Cinyanja. Akalephela, mufotokozeleni liu na liu, ndiyeno mumuuze apange ciganizo cake na mau amodzimodziwo.